Pepala la Msikoti M'tsindwi la Azakhali

Lifidzi, Angónia
14 Junho, 1954

Okondedwa achimwene Zeferino,

Khalani pansi kaye musanawerenge, ndipo ngati kalatayi yakupezani muli ndi fosholo m'manja ku mgodi wa Wankie konko, iponyeni uko. Pepala lija lapezeka! Ndikulemba mothamanga, mundikhululukire ngati zilembo zikuoneka ngati papalasa nkhuku. Kuno tili bwino, kaya inu anzathu. Kwazizira koopsa, chimanga takolola, koma zimenezo zidikire.

Mukukumbukira mmene tinkasekera malemu bambo akamanena kuti atate awo, agogo a Dankeni, Msikoti uja anachoka ku Blantyre ndi bokosi la ukalipentala n'kudzalima mbatata kuno, anapempha boma kuti akhale Mpwitikizi? Tinkati ndi nkhani za pamowa. Ndiponso kwathu kuno munthu amawerengedwa kuchikazi, za kuchimuna tinalibe nazo ntchito. Chimene tinatengako kwa mzungu ameneyo ndi tsitsi lanu lofiira lija basi, limene anzanu ankati ndi ndevu za chimanga.

Tsono mwezi wa Abril, abambo padiri anandiitana titatuluka m'tchalitchi. Anati malamulo a Apwitikizi amatsata kuchimuna. Ngati agogowo analandiradi pepala, ndipo dzina la bambo lilimo, ndiye kuti inu mwana wawo simungalembedwe pa chibalo, ntchito yokakamiza ija. Achimwene, zaka zisanu ndi chimodzi zapita chithawireni inu kudzera pa malire a Kalomwe asipayo, apolisi a boma aja, atalemba dzina lanu, kusiya alamu a Cacilda ali ndi pakati. Inosenti tsopano akuguluka mano, koma atate ake amawadziwira pa chithunzi.

Ndinabwereka njinga, ine ulendo ku Vila Coutinho, ku ofesi ya boma. Mlembi wa kumeneko ndi a Anselmo, munthu wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Nditafotokoza anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, Msikoti? Muno tili ndi mabuku a ng'ombe, a njinga, ngakhale a agalu. La Asikoti sindinalione."

Mukundidziwa ine liuma langa. Ndinakhala pakhonde mpaka anatseka ofesi. Sabata yotsatira ndinakhalanso pomwepo. Ulendo wachitatu anatuluka atanyamula makiyi.

"Inu mayi, mukundichititsa manyazi kwa azungu. Lowani mufufuze nokha, koma makoswe akakulumani musandinene."

Chipinda chake, achimwene! Mabuku mulu mpaka kudenga, ena chiswe chinadya kale. Masiku awiri ndinali m'menemo, kuyetsemula kokhakokha, ndikuthokoza masisitere amene anandiphunzitsa Chipwitikizi ndi ndodo. Tsiku lachiwiri masana ndinatsegula buku la chaka cha 1918, ndipo maso anga anagwera pa mzere wina: Duncan Rennie, wobadwira ku Escócia, kwawo kwa Asikoti, walandiridwa kukhala nzika pamodzi ndi ana ake, Bernardina ndi Mateus. Ndinakuwa mokweza moti sipayo anathamangira m'chipindamo poyesa kuti ndaona njoka.

A Anselmo anavala magalasi, nthabwala zonse zitatha. Anati bukulo palokha silikwana, poti theka la tsambalo linadyedwa; pafunika pepala lenilenilo la chidindo, lochokera ku Lisboa. Kenaka anandilozera timalemba ta m'mphepete. Pepalalo linafika agogo atamwalira kale ndi chimfine chachikulu cha chaka chimenecho, patapita miyezi iwiri. Sipayo anakalipereka kunyumba, ndipo amene analandira anadinda chala. Pansi pa chalacho panali dzina: Bernardina.

Azakhali athu omwewa, amene timadya nawo tsiku ndi tsiku!

Ndinapalasa njinga ngati wamisala. Ndinawapeza akupeta nyemba pabwalo.

"Azakhali, kodi kale sipayo anakupatsaniko pepala?"

"Pepala lanji? Ine ndimadziwa kuwerenga?"

"La chidindo chofiira. Chala chanu ndachiona m'buku la boma."

Lichero linaima. Anayang'ana kumsewu, kenaka kuseri kwa nkhokwe, n'kundikokera m'nyumba.

"Iwe mwana, ukufuna kutiphetsa? Wamuuza ndani?"

Ndinalumbira kuti palibe. Apo m'pamene anamasuka. Anati inali nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, asipayo akugwira anyamata m'midzi kukanyamula katundu wa asilikali, ambiri osabwerako. Agogo aakazi anali asanamete n'komwe maliro. Sipayo anafika ndi pepala, natchula dzina la Mateus, nawadinditsa chala, n'kumapita osafotokoza kanthu. Iwo anali namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, bambo ali mnyamata wongomera kumene ndevu.

"Pepala la boma lokhala ndi dzina la munthu, udamvapo kuti lidabweretsa zabwino?" anandifunsa. "Ndidati mlongo wanga uyu sapita. Ndidalibisa, osauza munthu, ngakhale amayi."

Anakwera pa mtondo, napisa dzanja m'tsindwi pamene amapachika chimanga cha mbewu, natulutsa chitini cha tiyi chakuda bii ndi mwaye. Nyumba zinayi amanga chiyambire, ndipo chitinicho chakhala chikusamuka nawo. Utsi umene umateteza mbewu ku anankafumbwe ndi womwe unasunga pepala lathu. Lili lonse, achimwene, chidindo chake chili ngati chadzulo, dzina la bambo likuoneka bwinobwino.

Lolemba ndinapita nalo pamodzi ndi makalata a ubatizo, a bambo ndi anu, amene abambo padiri anandikopera. Mzungu wamkulu wa pa ofesi analitembenuza kawiri, nandiyang'ana ine, nayang'ananso pepala. Kenaka anaitanitsa buku la chibalo, ndipo ndinaona ndi maso angawa cholembera chikudutsa pa dzina lanu. Zotsala akuti zipita ku Tete, koma andipatsa kalata yakuti mukhoza kulowa pa Kalomwe masanasana, palibe wokugwirani. Ndaiika m'kati muno, muisunge ngati diso lanu. Alamu atamva anavina pabwalo mpaka chitenje kumasuka, ndipo ayamba kale kuzira nyumba. Bwerani mvula isanagwe, munda wa kudambo ukudikira khasu lanu.

Tsopano pali kanthu kamene sindinauze munthu aliyense, ndipo kakundilemera.

Tsiku lija, nditatsegula chitini, azakhali anakhala pafupi nane nati, "Werenga tsono, ndimve chimene ankamufunira." Ndinawerenga chamumtima mpaka kumapeto. Ndinakumbukira m'mawa uja wa 1944, asipayo akuwamanga bambo chingwe m'chiuno kupita nawo ku chibalo cha msewu, pabwalo lomwelo, mapazi khumi okha kuchokera pamene panali chitinicho. Ndinakumbukira bulangete lawo limene linabwerako lokha. Pepala limene likanawamasula linali pamwamba pa mitu yathu, ife tikulira pansi pake.

Azakhali anali akumwetulira, achimwene. Anati, "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndidawanamiza asipayo. Akadapita nthawi ija, iwe ndi Zeferino mukadabadwa?"

Ndinanama. Ndinati, "Likunena zomwezo, azakhali, zakuti akanyamule katundu wa nkhondo. Munachita bwino." Ndinawauza kuti nkhondoyo inatha kalekale, boma likungofuna pepala lake kuti litseke nkhani ya banja lathu. Anandipatsa mokondwa. Alamu ndawauza kuti ndinalipeza ku ofesi. Kaya ndi tchimo, ndidzaulula kwa abambo padiri, koma kwa azakhali ayi. Munthu amene anakonda mlongo wake chotero, ndingamuuze bwanji?

Choncho ndikupempheni chinthu chimodzi. Musandibweretsere nsalu kapena nsapato. Mukadzafika, mudzayambe mwalowa m'nyumba mwawo, mudzagwade, mudzawathokoze chifukwa chosunga pepala. Pamenepo simudzakhala mukunama, poti akanalitaya, bwenzi inu mukukalambira ku mgodi. Zinazo zikhale za ife awiri, ndipo kalatayi mukawerenga muiotche, musunge ya boma yokhayo.

Alamu a Cacilda akupereka moni, akuti musachedwe. Inosenti akufunsa ngati tsitsi lanu lilidi lofiira, poti pa chithunzi silioneka. Azakhali a Bernardina ali pompano pakhomo pamene ndikulemba, ndipo andiumiriza kuti ndilembe mawu awo monga momwe anenera: "Umuuze mwana wa mlongo wangayo abwere, asaope. Chitini chija ndabwezera m'tsindwi. Akadzabweranso asipayo ndi pepala la dzina lake, ine ndilipo, ndidzamubisira monga ndidabisira atate ake."

Ndawayankha kuti zikomo.

Ine mlongo wanu wokudikirani,
Adelina