Liwu Limene Bwana Amaitanira Elina

Matero, Lusaka
Malichi 1958

Okondedwa achimwene a Dixon,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Kasungu. Ife kuno tilipo, kungoti mvula yatigwetsera khoma la khitchini.

Mwana wathu Elina adapeza ntchito yolera khanda kwa Mzungu wa kunjanji, wongofika kumene kuchokera ku Mangalande. Inu mudaphikira Azungu zaka zambiri, tandimasulireni kayankhulidwe kake, chifukwa si Chingerezi chija cha kumishoni ayi. Akatopa akuti amati ali "nakadi". Tiyi amamutcha "kapa". Ukamupatsa chinthu amangoti "chiyazi" m'malo mwa zikomo. Ndiye ana pakhomo pano tsiku lonse ndi chiyazi chiyazi, mpaka kwa ba Obed ogulitsa malasha. Kodi kwawoko onse amatero, kapena ndi mtundu wake wokha?

Pali liwu linanso, "lavu", limene bwanayo amaitanira Elina. Elina akuti n'lopanda kanthu, kwawoko amaitanira ngakhale mayi wogulitsa buledi. Mwina n'zoona. Ndidamufunsa kuti, "Nanga dona akakhalapo, amakuitana chimodzimodzi?" Mwanayo adangoyang'ana pansi, n'kunyamuka kuti akatunge madzi, chonsecho ndowa zonse zinali zodzaza.

Sabata yatha adabwera atavala nsapato zatsopano, mwezi usanathe n'komwe. Bambo ake sadazione.

Achimwene, inu ndinu malume ake. Ngati liwu limeneli mukulidziwa, musavutike n'kulemba. Kwerani basi.

Ndine mlongo wanu,
Mainess