Nsomba Sindiphika

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Mwendo uja ukupwetekabe mukamadzuka m'mawa? Nanga achemwali ndi khanda lawo ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, thupi lilibe vuto.

Achimwene anandiuza pafoni uthenga wanu, woti ndigwade ndipepese kwa azakhali, akazi a achimwene anu, chifukwa ndawachititsa manyazi. Mwamva mbali yawo. Ine pafoni mawu amandithawa, mukudziwa, ndiye ndati ndilembe kuti mumvenso mbali yanga.

Amalume anaitana abwana awo akuntchito kuti adzadye kuno Loweruka, pamodzi ndi akazi awo ndi mwana wawo wamkazi. Akuti kuntchitoko kuli udindo wina umene amalume akuufuna. Sabata yonse m'nyumba munali piringupiringu. Tinachapa makatani, n'kutulutsa mbale zija zimangokhala m'kabati kudikira alendo.

Azakhali anandikhazika pansi kukhitchini n'kuyamba kundifotokozera za mimba za anthu. Abwana ali ndi matenda a shuga, ndiye zotsekemera ayi. Akazi awo mkaka umawatsegula m'mimba, komanso akangoona anyezi m'mbale amaika supuni pansi. Mwana wawo nyama sadya, akuti amamvera chisoni nkhuku. Amalume mchere anawaletsa kuchipatala. Azakhali eniake tsabola amawapatsa chilungulira.

Ine zonsezi ndinavomera, ndipo sizinandivute. Ndinati anyezi ndimusinja kuti asungunuke mumsuzi osaoneka, koma anati ayi, mayiyo mphuno yake ndi ya mphaka. Ndinati chabwino, ndiphika miphika iwiri. Mchere aliyense adzathire yekha patebulo. M'malo mwa keke tidzadule zipatso.

Atatero anati popeza mtsikanayo nsomba amadya, ndipo bambo ake amaikonda, ndiwo yaikulu idzakhala nsomba yokazinga.

Amayi, ndinafunsa chapansipansi ngati sitingaphike nkhuku, mtsikanayo n'kumukonzera bowa ndi mazira ndi nyemba. Anaseka. Anati mwana wa abwana angadye nyemba ngati wabwera kudzagona kundende? Ndinawakumbutsa za chaka chatha, tsiku limene ndinakazinga nsomba milomo n'kutupa, zidzolo thupi lonse, pakhosi n'kutseka, mpaka aneba ananditengera kuchipatala pagalimoto yawo. Anamwino anandiuza kuti ngakhale utsi wake ndiziuthawa, chifukwa tsiku lina sindidzafika kuchipatalako.

Azakhali anati amenewo ndi matama. Anati matenda osankha zakudya ndi a anthu amene ali ndi chosankha, ine ndinawatenga kuti? Anati ndidzavale majumbo m'manja, ndimange kansalu pamphuno, basi, dona wafika liti pakhomo pano?

Pamenepo ndi pamene mtima unanditembenuka. Galu wapakhomo pano atayamba kudzikanda, anamusinthira chakudya sabata yomweyo. Mayi amene sitinamuonepo n'komwe tikumuphikira mphika wakewake chifukwa cha anyezi, amene sangamuphe. Ine ndekha ndi amene thupi langa limanama?

Lachisanu anabwera nayo nsomba ija, yaikulu ngati mwana, n'kuiika mufiriji. Ndinawauzanso kuti sindiigwira. Anati tiona.

Loweruka ndinadzuka m'mamawa. Ndinaphika mpunga, mbatata, nkhuku miphika iwiri, bowa, masamba, ndinadula zipatso, tebulo ndinayala. Palibe chimene ndinachita mwaulesi, Mulungu ndi mboni. Nsomba yokha ndinaisiya momwe anaiikira.

Azakhali analowa kukhitchini atavala kale diresi lawo la buluu, tsitsi atakonzetsa. Anavundukula miphika yonse, kenaka anatsegula firiji. Anandifunsa ngati ndapenga. Amayi, mawu ankatuluka ngati a mwanapiye, koma ndinawayang'ana kumaso n'kunena kuti nsomba sindiphika, lero kapena tsiku lina lililonse. Anati ndikudya zawo, ndikugona m'nyumba yawo. Ndinati zoona, koma mapapo ndi anga.

Sindikudziwa kumene mawu amenewo anachokera. Iwonso anadabwa, chifukwa pakhomo pano amanditcha Kachete.

Nthawi inali itatha, ndiye anamanga epuloni pamwamba pa diresi lija n'kukazinga okha. Ine ndinatuluka, ndinakakhala kuseri kumene timayanika zovala, kufikira utsi utatha. Alendo atafika, azakhali anali akununkha mafuta, ndipo dontho linali litagwera pamkono wa diresi. Manyazi amene akunenawo ndi amenewo.

Ndisaname, nsombayo anaiphika bwino. Abwana anaonjezera kawiri. Mayi uja sanapeze anyezi, mtsikana anadya nsomba ndi bowa yemwe, amalume anathira mchere mobisa monga amachitira. Aliyense anadya, palibe amene anadwala. Nanenso sindinadwale. Ndikuona ngati chakudya chimenecho chinayenda bwino kuposa zonse zimene ndaphikapo m'nyumba muno.

Alendo atapita, azakhali anandiuza kuti ndisankhe. Ndigwade, ndipepese, ndilonjeze kuti ndiziphika chilichonse chimene andiuza, apo ayi mwezi ukatha ndilongedze. Ndinayang'ana amalume. Iwo anangoti ndimvere azakhali, maso ali pafoni.

Ndikudziwa chimene chikukuopsani. Kuno ndimadya, ndimavala, ndipo anandilonjeza sukulu yosoka. Kwanuko malo ndi ochepa. Zonsezi ndaziganizira, ndipo ndalira, sindibisa. Akanati ndipepese chifukwa ndinawayang'ana kumaso, ndikanagwada. Koma akufuna ndilonjeze kuti ndidzaimanso pa chiwaya cha nsomba. Limenelo ndi lonjezo loti ndidzafa mwaulemu, ndipo sindilipereka.

Inu ndi amene munandibereka kumbuyo ndili wamng'ono, kuthamanga nane kuchipatala opanda nsapato, nditalawa nsomba, nkhope yanga itatupa moti maso sankaoneka. Munandiuza nokha. Ndiye pempho langa ndi ili. Muwaimbire achimwene anu, muwauze zimene munaona tsiku limenelo. Inu ndinu mlongo wawo, angakumvereni.

Ngati simungathe, sindikukwiyirani. Mungowauza achemwali achotse katundu wawo pabedi langa lija, chifukwa mwezi ukatha ndikubwera. Koma musanditumizirenso uthenga woti ndipepese. Ndakumverani moyo wanga wonse, pa ichi chokha ndakana.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, khandalo mulipsompsone m'malo mwanga. Achimwene muwauze kuti sindinawakwiyire, iwo anangotumidwa. Mulungu akusungeni, mwendowo muziupumitsa.

Ndine mzime wanu,
amene ankangoti inde.