Sindikumva, Bwana

Chisepo, Dowa
14 Epulo 2024

Okondedwa achemwali a Manesi,

Khalani pansi kaye musanawerenge. Kuno tili bwino, koma abambo athu anatsala pang'ono kukakalambira kundende.

Mukuikumbukira gogodela ija, mfuti yakale imene amaopsezera anyani kumunda wa kuphiri? Apolisi anaiona, chiphaso palibe, basi n'kuwanjata. Anatiuza kuti mlandu wa mfuti si wa nkhuku, munthu amatha kukhala zaka m'ndende.

Kukhoti, woweruza atafunsa ngati akuumva mlandu wawo, iwo anati, "Sindikumva, bwana." Atafunsa ngati akuuvomera, anayamba kufotokoza za mvula ya chaka chino. Woweruza anaimitsa zonse nati akawapime kaye mutu, poti munthu wosazindikira zimene zikuchitika sazengedwa mlandu.

Alamu anu a Kalebe, nzeru zawo mukuzidziwa, anati mwayi ndi womwewo: abambo akangodzipengetsa pamaso pa dokotala, ndende aizemba. Ine n'kukawakuwira abambo zimenezo kukhutu. Mayo ine, ukali wake! Akuti iwo mkulu wa mpingo, woti anaphunzitsa Sande sukulu mudzi wonse, sangavine misala chifukwa cha anyani. Bola ndende.

Anapita atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Dokotala atakweza mawu, anamuyankha zonse, n'kumuonjezera katekisimu wosafunsidwa. Dokotalayo anaseka nati mutu uli bwinobwino, makutu ndiwo anaphedwa ndi mfuti yomwe ija. Kani "sindikumva" uja amanena makutu, osati nzeru.

Anabwerako akunyada ngati akhoza mayeso, ife tikulira kuti mlandu tsopano upitirira. Tsiku lake kalaliki wa khoti anaima pambali pawo n'kumawakuwira, iwo n'kuvomera kulakwa mwaulemu. Woweruza anaona ukalamba wawo nawauza kuti azipita kwawo koma asadzapalamulenso. Mfuti yokha inatsala kuboma. Pano anyani ali paphwando, tikuwathamangitsa ndi zitini.

Onse akupereka moni. Abambo akuti ndikuuzeni kuti boma latsimikiza, siopenga. Koma pali chimene dokotala anandiuza pambali, iwo sindinawauze: khutu limodzi limene likumvabe pang'onolo silikhalitsa. Ndiye achemwali, za foni zisiyeni. Bwerani Khirisimasi isanafike, mudzawaitane akadali kumva.

Ine mng'ono wanu wokusowani,
Tabita