Foda Imene Ndinati Ndikonza Lolemba

Lolemba, 4 Ogasiti

Seva, kompyuta yaikulu ya labotale yathu, yadzuka. 10:20 m'mawa. Ndabwezeretsa pulogalamu yakale ija, zotsatira za magazi zayambanso kupita zokha ku makiliniki. Mtima pansi. Tiyi makapu awiri, nditaimirira.

Loweruka ndi Lamulungu labotale yonse inali pa mapepala. Wa njinga yamoto kuzungulira makiliniki asanu ndi awiri ndi maenvulopu. Ine ndinali kwa apongozi, netiweki kulibe, chonsecho kubwezeretsa kumafuna pasiwedi yanga.

Amene anakompaila pulogalamu yatsopano Lachisanu, ndiko kuimanga kuti iyende pa seva, ndi a Mawaya. Dzinali tinawapatsa ndife, zaka khumi ndi ziwiri akukoka mawaya kudenga. Awabweretsa m'chipinda chathu cha seva, miyezi itatu yowayesa, ikutha Lachisanu lino. Ndinawasiyira malangizo papepala, mizere isanu ndi umodzi. Akuti inakompaila bwinobwino, inayaka, usiku wonse ili phee. Kiliniki yoyamba kungolumikiza Loweruka m'mawa, basi yagwa.

Abwana atsika okha kuchokera ku ofesi yapamwamba. Satsikatsika. "Lachisanu ndiona ngati bambowa ndi a muno kapena a kudenga." A Mawaya ali pomwepo, manja kumbuyo.

Ndinene zoona poti bukuli ndi langa. Mtima wanga unati myaa kuti si ine.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndayesa ndekha pa kompyuta yoyeserera. Mizere yomwe ija. Yakompaila, yayaka, yalandira chilichonse chimene ndaiponyera osadandaula. Ndiye kuti bambowa anaphonya penapake, ndinatero chamumtima.

Ndawaitana ndi kope lawo. Amalemba chilichonse, ndi nthawi yomwe, ngati mlonda wa pageti. Ndafananiza tsamba lawo la Lachisanu ndi pepala langa, chilembo ndi chilembo. Palibe cholakwika, ngakhale kadontho. "Mayi, ine ndinangotsata dzanja lanu." Anena mofatsa, kenako nkupita kukapukuta fumbi pa mafani.

Munthu wamkulu, imvi m'mbalimu, koma amati mayi kwa ine. Ine ndimati achimwene, mwina kuti ndisamve manyazi powatuma.

Zandisowetsa mtendere pang'ono. Makina oziziritsa chipinda akudonthanso, ndatchera beseni.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndalipeza vuto. Ndilembe mwatsatanetsatane, poti kusalemba ndi kumene kwatifikitsa pano.

Pulogalamu ya seva siyenda yokha, imabwereka zidutswa kwa timapulogalamu tina, malaibulale. Usanaikompaile imayamba yafufuza m'kompyutamo kuti ione amene alipo, ndipo zonse zimene yapeza imalemba mu logi. Ndatsegula logi ya pa seva yeniyeniyo, osati yoyeserera. Mizere zikwi zinayi. Maso kuwawa.

Malaibulale obisa mauthenga alipo awiri! Yakale inabwera ndi sisitimu. Yatsopano ili mu foda yapambali, yoikidwa pamanja. Pofufuza, pulogalamu inawerenga mafayilo ofotokoza a yatsopano, koma pomanga inakamangirira ku yakale. Telala wayeza mng'ono, diresi nkukapereka kwa mkulu wake. Pa hang'ala n'lokongola, kungokweza mkono lang'ambika. Kompyuta yoyeserera ili ndi laibulale imodzi yokha, n'chifukwa chake kwa ine zinayenda.

Ndinavina pampando, ndekhandekha. Kenako ndinati ndione chitsiru chimene chinaika foda imeneyi osauza munthu.

Mwini wake: ine. Deti: Meyi, zaka ziwiri zapitazo.

Ndakumbuka zonse. Mimba ya miyezi isanu ndi itatu, miyendo yotupa, makina osindikiza timapepala tomata pa mabotolo a magazi akukana laibulale yakale, anthu a mu labotale ali pakhomo kundiyang'ana. Ndinaika yatsopano pamanja Lachisanu masana, nkunena kuti Lolemba ndikonza mwadongosolo, ndilembanso m'buku la seva. Lolemba lakelo ndinali pabedi kuchipatala, mwana pachifuwa. M'bukumo mulibe kanthu. Ndayang'ana katatu.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kukonza kwake n'kosavuta, mpaka manyazi. Kufufuta fodayo ayi, makina a timapepala angafe. Kungoiuza pulogalamu pokompaila: usafufuze wekha, mafayilo ofotokoza tenga apa, laibulale tenganso pomwepa, ndipo ukamayaka uziyang'ana pomwepa. Mizere iwiri yowonjezera, basi. Ndakopera seva yonse pa makina ena, ndayesa. Maola atatu osagwa.

Ndiye kwabwera kamawu ka mumtima. Logi pano amawerenga ndani kupatula ine? Abwana ngakhale utawaveka magalasi awiri sangaione mutu wake. Ndikhoza kukonza mwakachetechete nkumayenda ngati mpulumutsi. Mwezi wamawa akusankha wopita ku maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi, dzina langa lili pamwamba. Ndadikira zaka zinayi.

Masana ndamva a Mawaya pakhonde akufunsa anzawo akale ngati m'gulu lawo mukadali malo. Akufunsa moseka. Koma bondo lawo lija ndimalimva likamalira akamawerama kuseri kwa makina.

Kunyumba ndathira mchere kawiri m'ndiwo. Bambo a mwana: "Kodi wapha munthu kuntchitoko?" Ndawafotokozera. Za malaibulale sanatolepo kanthu, zinazo anamva bwinobwino. "Ndiye bambo wa eni azikwera kudenga ndi bondo limenelo chifukwa iwe unaiwala kulemba?" Ndawakwiyira mpaka potsuka mbale. Munthu akamanena zoona ali ndi chakudya m'kamwa amanyansa.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndakwera. Masitepe makumi awiri ndi awiri, ndinawerenga. Mapepala atatu m'manja, mizere yofunika ndaidula ndi cholembera chofiira.

Ndinayamba ndi za telala zija. Abwana anandidula. "Mayi, sukulu ayi. Wolakwa ndani?" Ndinati ndine. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri, ndinachita kubwereza. Ndinati aliyense wotsata pepala langa lija seva ikanamugwera, ngakhale ineyo. Anafunsa ngati a Mawaya andituma. Ndinati sakudziwa n'komwe kuti ndakwera kuno.

Kalata yochenjeza ndilandira sabata yamawa. Ku maphunziro apita wina. A Mawaya atsimikizidwa pa ntchito, asaina 3 koloko. Ndinakumana nawo pakhonde, ndinangoti pepani achimwene, vuto linali langa, nkuthawira kuchimbudzi.

Za maphunzirozo zandipweteka, ndisaname. Sutikesi ndinali nditalongedza kale m'mutu. Koma potsika masitepe ndinali wopepuka ngati ndatula ndowa. Njala yabwerera. Nsima ndadya mitanda iwiri.

Ndalemba m'buku la seva masamba awiri athunthu za foda ija, zilembo zikuluzikulu. Ndasaina pansi pake.

Loweruka, 9 Ogasiti

Foni sinalire ngakhale kamodzi. Ndachapa makatani onse, ndagona masana ndi mwana. Bambo ake akuyenda monyada ngati anakwera masitepe aja ndi iwowo. Asiyeni.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Pulogalamu yatsopano yakhazikika. Tinayamba 6 koloko m'mawa, makiliniki asanatsegule. Akompaila a Mawaya, ine manja ndachita kuwakhalira. Amalemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono mpaka munthu thupi kuyabwa, koma saphonya. Asanayatse anayang'ana okha kuti pulogalamu yamangirira ku laibulale iti. Yatsopano, mbali zonse. Kiliniki yoyamba 7:05. Yachiwiri 7:12. Pofika 8 koloko onse asanu ndi awiri alowa, seva osagwedezeka.

Ndiye ndinapepesa bwinobwino, osati zothawa za Lachisanu zija. Ndinati achimwene, bwerani ndikuonetseni pamene panagona vuto. Iwo anangotsegula kope lawo, tsamba la Loweruka limene seva inagwa, limene ine sindinafikepo. Dzina la foda, deti, ndi dzina langa, zolembedwa ndi pensulo. Anazipeza okha tsiku lomwelo, ali okhaokha muno, mafoni akulira mbali zonse.

Ndinafunsa kuti bwanji sananene. "Ndikananena ine, akanati wa mawaya akuthawa mlandu, akunamizira amene anamuphunzitsa ntchito. Zimafunika pakamwa panu, mayi."

Ndinafunsanso, nanga ndikanakhala chete?

"Makwerero anga a kudenga sanatayidwe."

Anaseka, nkufunsa ngati ndimwa tiyi. Ndinati inde. Atatuluka ndinakhala pansi, pa simenti penipeni pakati pa makina. Lachinayi lonse lija ine ndikuyeza mbali ziwiri, iwo akundipatsa moni, akunditsegulira chitseko, akudziwa.