Sitima Imene Sinaberedwe

Lolemba, 9 Malichi 2009

Mu daladala, minibasi ya kuno, aliyense akuti mbavazo ndi Asomali. Bodza. Msomali angawoloke nyanja yonseyi kudzaba penti kuno ku Dar? Ndi anyamata athu omwe, a zikwanje. Anakwera ndi tcheni cha nangula Loweruka m'bandakucha, sitima ili kunja kudikira malo padoko. Atenga zingwe zomangira sitima ndi zitini za penti. Mlonda anali achimwene anga, a Shomari. Awatema mkono wamanja.

Lipoti palibe. Ndikudziwa, popeza mapepala a sitimayi ndimatayipa ndine.

Lachiwiri, 10 Malichi

Kaputeni wakana kunena. Akanena, apolisi akwera, mafunso ayamba, sitima itaya malo ake pamzere. Bwana Hemedi, eni ofesi yathu yokonza mapepala a sitima, akuti: "Mwanaidi, sitima imaberedwa kaputeni akanena kuti yaberedwa. Imwa tiyi wakoyo, mwana wanga."

Ndinamwa. Wozizira.

Ndinayamba zamalamulo ku yunivesite kuti ndizidzamwa tiyi pamaso pa munthu wolemba ndi chala chimodzi.

Lachinayi, 12 Malichi

Kuchipatala. Zala za achimwene sizikugwedezeka. Iwo kuseka: "Loya wanga wopanda gauni, wabwera ndi chipsi kapena malamulo? Malamulo sindidya ine."

Alamu anga a Zuhura sakuseka. Kampani ya alonda yawauza kuti popanda lipoti ndiye kuti kunalibe mbava. Zingwe zasowa, choncho wagulitsa ndi mlonda. Ntchito yatha. Nanga mkonowo? "Kaya, mwina anakangana pogawana." Atero akapitawo awo, akutokosa m'mano.

Mankhwala tigule tokha. Lendi nayo ikundiyang'ana.

Lachisanu, 13 Malichi

Kuzungulira muofesi ngati nkhuku yofuna kuikira. Keyala ya kumene amalandira malipoti a uchifwamba wa panyanja ili pakhoma pompa, yachita fumbi. Ku Malaysia. Tonse timaiona, woigwiritsa ntchito palibe.

Bwana atapita ku mzikiti, ndakhala pansi. Tsiku, malo, zida, zotengedwa. Chingerezi chimene Hemedi sangachilote. Pa ovulala, amantha amangolemba kuti mlonda mmodzi. Ine ayi. Shomari Athumani Kibwana, dzina lonse, kuti dziko lidziwe kuti munthuyu si mbala.

Ndatumiza.

Lolemba, 16 Malichi

Nkhani yabwerera kudzera kwa akuluakulu a padoko. Hemedi milomo mbuu. "Mtsikana iwe, wakodzera m'chitsime chomwe tonse timamwa!" Ndawayankha kuti m'chitsimemo muli magazi a achimwene anga, amwe okha. Sanandichotse ntchito. Akuopa kuti zimveka.

A Zuhura andikumbatira pakhomo pa wodi. "Alamu, sukulu ija sinapite pachabe." Ndayenda pansi mpaka kwathu ku Kurasini, osamva dzuwa.

Lachitatu, 18 Malichi

Sitima yalowa padoko, ikutsitsa katundu mothamanga ngati yayaka moto. Apolisi anakwera dzulo. Kaputeni sanaone kanthu. Amalinyero sanamve kanthu. Sitima yonse ya agonthi ndi akhungu, koma imawoloka nyanja.

Wapolisi wina wabwera kuofesi, waulemu, wandifunsa ngati dzina ndinalemba molondola. Ndati sindilakwitsa maina ine. Wathokoza.

Mtima suli m'malo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachisanu, 20 Malichi

Sitima inanyamuka dzulo madzulo, mboni zonse zili momwemo.

Hemedi lero sanakalipe. Anangoti chapansipansi: "Mlandu ukamveka kunja, mwana wanga, sautseka popanda womangidwa. Mbava zako zija zili ndi maina?"

Zilibe. M'lipoti monse dzina ndi limodzi.

Achimwene apolisi awatenga m'mawa uno pabedi lakuchipatala. Unyolo awamanga kumkono wamanzere.