Ndakafika Kuseri kwa Phiri

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Bwanje tili bwino, kungoti kutentha ndi komwe kuja munkadandaula nako. Ndiyambe ndi zing'onozing'ono, chifukwa nkhani yaikulu ndikaiyamba sindiima. Mng'ono wanga Rute wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kukamwa n'kwanu ndithu, salola kuti munthu amalize kulankhula. Mpunga chaka chino wachita bwino, ngakhale mbalame zinadya nawo mbali ya kumunsi. Mbuzi yanu yakuba ija inalowanso m'dimba la abusa, ndipo ndinakapepesa monga munkachitira inu, nkhope ili yachisoni koma mumtima ndikuseka.

Tsopano khalani pansi bwino. Ndinapita kwanu, Amayi, ndipo ndinakafika.

Mukukumbuka zimene munandituma m'chipatala muja mutandigwira dzanja. Munati ndikauze mlongo wanu, amalume athu a Filipo, kuti simunawakwiyire, ndi msewu umene unakutsekerani pa maliro a agogo. Mlatho unakokoloka, inu munabwerera panjira, ndipo iwo analumbira kuti alibenso mlongo. Zaka zonsezo palibe anaponda kwa mnzake. Titawatumizira uthenga wa maliro anu sanabwere. Mawu anu aja akhala akundilemera ngati ndowa yodzaza pamutu, ndipo ndinkaopa kuti amalumewo angakutsatireni ndisanawatule.

Ndili mwana ndikakufunsani za kwanu munkangoloza ndi mlomo n'kuti ndi kuseri kwa phiri ilo. Ine ndinkayesa ndi kaphiri kaja timakaona tili pakhonde. Munandinamiza, Amayi. Tinanyamuka ndi amuna anga, bambo a Tadala, pa kapikapu kathu kaja, tinadzera ku Kandeu mpaka pa Boma, kenako tinakhotera ku Tsangano. Phula limene amatilonjeza kampeni iliyonse chiyambire matipate linatiperekeza pang'ono n'kubwerera. Kuyambira pamenepo aliyense amene tinamufunsa njira ankaloza ndi mlomo chimodzimodzi, kuseri kwa phiri ilo. Ukafika kuseriko upeza phiri lina likukudikira litafunda nkhungu. Ndazindikira kuti bodza limeneli si lanu nokha, ndi la mtundu wonse.

Koma dziko lanu ndi lokongola, ndipo ndakwiya nanu pang'ono kuti simunandikokere kumeneko ndili mtsikana. Minda ya kachewere imakwera phiri mpaka pamwamba, mizere yake ngati tsitsi loluka bwino. Ndinaona tirigu ali m'munda koyamba m'moyo wanga. Ngolo za ng'ombe zimayenda pakati pa msewu osasamala za hutala, ndipo ana amavala majuzi dzuwa lili paliwombo. Mphepo yake imalowa mpaka m'mano. Juzi lanu lobiriwira lija munkalisunga pansi pa sutikesi, ife n'kumakusekani kuti kuchigwa kuno mudzalivala liti, ndinalitenga ndipo linandipulumutsa. Pena tinaima kufunsa njira kwa amayi ogulitsa kabichi, ndipo anatiuza kuti pamene taimapo ndi ku Mozambique, tiwoloke kaye msewu tibwerere kwathu. Bambo a Tadala mpaka lero akuuza anthu kutchalitchi kuti anapitako kunja.

Vuto linatipeza pa chitunda china mvula itangowaza. Galimoto inayamba kubwerera cham'mbuyo, kumanzere kuli chiphedi choti ukayang'ana mutu umazungulira. Bambo a Tadala, amene amati anabadwa chiwongolero chili m'manja, anatuluka thukuta m'kuzizira konseko n'kunena kuti tibwerere, tidzayesenso chilimwe. Ine m'maganizo ndinakuonani inu mutaima pa mlatho uja, mukutembenuka ndi kathumba kanu. Ndinawauza kuti atsike akaike mwala kutayala, ndipo atangotsika ndinakhala pampando wawo. Laisensi ija munkati ndikungotaya nayo nthawi inagwira ntchito tsiku limenelo. Ndinaika giya yoyamba ndikupemphera mokweza, kagalimoto kanalira, kanaterereka, kenako kanakwera. Anakandipeza pamwamba akupuma wefuwefu, matope mpaka m'mawondo. Ndinawakumbutsa mawu anu aja oti walira mvula walira matope, koma sanaseke.

Amalume tinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya kachewere. Akalamba, koma mphuno ndi yanu. Nditanena kuti ndine mwana wa Esinati wa ku Bwanje sanatukule mutu. Anangoti dzina limenelo pamudzi pano salidziwa. Komabe mlendo samanidwa madzi, ndiye anauza akazi awo kuti atipatse timwe, tizipita kusanade.

Ndinagwada n'kumwa. Pobweza chikho, pakamwa panga panatuluka zimene munandiphunzitsa mondikoka khutu, zoti munthu sathokoza ndi zikomo wouma, amatchula mfunda wa mwini nyumba. Ndinaomba m'manja n'kuti, "Zikomo, Ngozo."

Mbatata imene inali m'dzanja lawo inagwa. Anatukula mutu n'kundiyang'ana.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo?"

"NaNgozo, mlongo wanu."

"Ndiye kuti kuchigwa kuja sanatitaye?"

Ndinawauza kuti mpaka kukalamba, mukangopunthwa pamwala, mawu oyamba kutuluka anali Ngozo, ndiponso kuti anthu a ku Bwanje ambiri dzina la Esinati sankalidziwa n'komwe, ankangokuitanani NaNgozo. Kenako ndinawatula uthenga wanu wonse monga munaunenera, osachotsapo kapena kuwonjezera. Analira, Amayi, mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Inenso ndinalira, koma kunena zoona ndinali ndisanasangalalepo chotere chikhalire.

M'mawa mwake anaumirira kuti atsika nafe. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti munthuyu, amene wakuimbani mlandu zaka zonsezi, msewu umenewu anali asanauyendepo nthawi ya mvula. Malire ake ndi pamsika. Titafika pa chitunda chija anagwira chitseko ndi manja awiri, anatsinzina, ndipo ndinawamva akudzifunsa okha chapansipansi, "Kodi njira yake ndi yotere? Nanga mwana wa amayi anga ndinkamudera chiyani?" Ine ndinali ndi chiwongolero, maso pamsewu. Koma ndinamva kukoma m'malo mwanu, ndipo pa dzenje lina sindinachepetse liwiro kwenikweni.

Pamene ndikulemba pano ali m'chipinda chanu chija, akudzikupiza ndi chipewa, akudandaula kutentha ndi mawu anu enieni. Rute wawabweretsera mwana ndipo akukana kumubweza. Abwera ndi kamtengo ka pichesi koti akadzale kumutu kwanu. Ndawauza kuti kuchigwa kuno sikangabereke, koma mukuwadziwa a kwanu mmene makani alili. Ndikulonjeza kuti ndizikathirira, kabereke kasabereke.

Loweruka ndibwera nawo kumandako. Akuti ali ndi mawu oti akuuzeni okha, ine ndikaime patali. Chonde Amayi, ulendo uno muwalole amalize kulankhula.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Edina