Chopindika Chimapinda Chinzake

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife tilipo, kupatula mwana wanga wamkazi. Mwamuna wake, mwana wanu uja, wam'thyola nsagwada ndi thabwa lotulutsira buledi mu uvuni.

Paja munati nkhanza mulibe m'magazi mwanu. Mphunzitsi amene amagula buledi kwathu anandiuza za yisiti, yotupitsira buledi ija. Akuti mbewu yake imatha kukhala yabwinobwino, koma kanthu kamodzi kopindika m'kati mwake kamapinda tinzake, ana ake n'kubadwa nako. Dzulo mdzukulu wanga, amene mwana wanga anabereka kwa mwamuna wake woyamba, osati magazi anu, anapotola khosi la kagalu, akukuwa kuti, "Khala chete, mkazi iwe!"

Ine yisiti yowonongeka sindisunga. Mpeni wodulira buledi ndaunola kale. Bwerani msanga mudzam'tenge mwana wanuyo akadali woyenda yekha.

Ndine msuweni wanu,
Wophika buledi